Nkhani Unalemba Ija Si Yanga

Tawina mwana wanga,

Iwe ndi amayi ako mwangotuluka kumene kukakwera basi ya m'tawuni, mwati mukagule chofunda ndi timapoto tiwiri. Amayi ako ndimawadziwa, alowa sitolo iliyonse ya mu Middlesbrough muno kuyerekeza mitengo, ndiye ndili ndi maola atatu kapena anayi. Ndati ndikulembere chifukwa pakamwa zandikanika. Sabata yonseyi ndakhala ndikukuitana kuti, "Tawina, takhala pansi," iwe n'kukhaladi, ine n'kuyamba kufunsa za tikiti ya sitima imene ndikudziwa kale kuti unagula. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga movutikira, chala chili pa mzere, ndipo n'zimene ndikufuna. M'Chingerezi iwe umathamanga, ndipo ine m'Chingerezi ndimadziwa kubisala.

Mawa ukupita ku yunivesite kukaphunzira mbiri ya America wakale: za anthu amene anawoloka nyanja pa zombo, za eni nthaka amene anawapeza kumeneko, za akapolo, ndi momwe onsewo anafikira potchedwa mtundu umodzi. Tsiku limene unatiuza zimenezi, amayi ako anaika supuni pansi n'kufunsa kuti, "Nanga maphunziro a zamankhwala aja?" Ine ndinafunsa kuti, "America? Makolo ako a ku Malawi, iwe wobadwira kuno, ku America wasiyako chiyani?" Unandiyankha m'Chingerezi monga umachitira, kuti ukufuna kudziwa momwe anthu ochokera kosiyanasiyana amagwirizanirana nkhani imodzi yonena kuti iwo ndi ndani. Unayembekezera kuti ine, amene ndinali mphunzitsi wa mbiri kwathu ndisanayambe kukankha mabedi a odwala m'makonde a chipatala kuno, ndiwomba m'manja. Sindinawombe. Ndinakayikira, ndipo mpaka lero ndikukayikirabe. Ndikukayikira timabuku tokongola tija anakutumizira, ta ana a mitundu yonse akuseka pa kapinga. Ndikukayikira chaka chija akuti ukakhale ku America komweko. Koma makamaka ndikukayikira mbiri yeniyeniyo, chifukwa ndinaigwirapo ntchito ndipo ndikudziwa momwe imaphikidwira.

Choncho kulikonse ukakhale, m'kalasi kapena mu laibulale, pepala lililonse akakupatsa uzilifunsa mafunso atatu: walemba ndani, wasiyidwa ndani, ndipo wapindula ndani. Mafunsowa sindinawapeze m'buku. Ndinawaphunzira polakwitsa, ndipo ndikuuza zolakwazo mmodzimmodzi.

Ndili mphunzitsi watsopano pa sukulu ina ya sekondale yogonera konko m'chigawo chapakati, kunabwera alendo a mpingo wina wa ku America, atanyamula makatoni a mabuku. Mmodzi wa iwo, bambo wamtali wa kamera pakhosi, anandikonda chifukwa cha Chingerezi changa. Anandikhazika pa khonde n'kundifunsa za moyo wanga. Ndinamuuza zoona zokhazokha: kuti bambo anga, agogo ako, amalima fodya ku Mchinji, kuti amayi amagulitsa mandasi, kuti fizi yanga inachokera m'zigafa za fodya yemweyo. Anagwedeza mutu, analemba, anandijambula. Patapita miyezi kunafika kanyuzipepala ka mpingo wawo, chithunzi changa chili patsogolo. Pansi pake analemba kuti ndinali mwana wamasiye amene anadziphunzitsa yekha kuwerenga pansi pa mtengo. Ukuganiza ndinakwiya? Ndinakapachika pa khoma. Chithunzicho ndinaoneka bwino, tayi ili pakhosi, ndipo anali atandilonjeza kuti tsiku lina adzandiitana kwawo. Ndiye agogo ako anabwera kudzandiona. Chingerezi sankachidziwa, koma anapempha mphunzitsi mnzanga kuti awamasulire. Madzulo tikudya anangoti, "Aphunzitsi, kodi ine ndinamwalira liti? Mukanandiuza, ndikanabwera ku maliro." Sanakweze mawu, anapitiriza kudya. Kalata yondiitana ku America ija sinabwere n'komwe.

Ndiye ukamakawerenga zimene atsamunda oyamba aja analemba za eni nthaka, kuti dziko analipeza lopanda mwini, kuti anthuwo anali ochepa, kuti anangotha okha, uzikumbukira agogo ako amene anaphedwa pa pepala iwo akudya. Ndipo usamangokayikira wolembayo. Uzifunsanso za munthu ngati ine, amene anadziwa kuti ndi bodza koma n'kulipachika pa khoma chifukwa anaonekamo bwino. Ndinaona m'mabuku unabwereka aja kuti midzi yoyamba ya atsamunda kumeneko inadalira fodya. Fodya ndimamudziwa, Tawina. Salimidwa ndi munthu wovala jekete amene wajambulidwa pachikuto. Pamene pali fodya pali misana yambiri yowerama, ndipo ukafunse kuti misanayo inali ya ndani. Ukakafika pa akuluakulu aja analemba zoti anthu onse ndi ofanana pomwe kuseri kwa nyumba zawo kunali akapolo, usakangoseka kapena kukwiya n'kutseka buku. Ukafunse kuti ankagona bwanji tulo. Yankho lake ndikulidziwa, ndipo ulipeza m'munsimu.

Cholakwa chachiwiri ndi cha kuno, ndipo chikusonyeza kuti kukayikira nakonso kumaphonya. Nthawi imene ndinkakonzekera mayeso a unzika, kabuku ka mbiri ya dziko lino ndinkayenda nako m'thumba la yunifolomu. Tsiku lina ndikukankha bambo wina wachikulire, mzungu, kupita naye kokajambula chifuwa, tinaima kudikira chikepe. Anaona kabukuko n'kuti, "Tandipatse ndione zimene akukuphunzitsa za ife." Ine mumtima ndinati, wayamba, akufuna andikumbutse kuti sindine wa kuno. Ndinamuyankha mouma kuti ndili pa ntchito. Koma anaumirira, ndinamupatsa. Anatsegula masamba, mpweya ukumuvuta, kufunafuna, mpaka tinafika pa khomo la kojambulira. Pondibwezera anati, "Mafumu onse alimo. Ine ndinagwira ntchito pa ng'anjo ya zitsulo moyo wanga wonse, bambo anga chimodzimodzi, chifuwa ichi ndinachitenga komweko. Ife mulibe." Ndinachita manyazi. Ndinkaganiza kuti mabuku a dziko amasiya ife akuda okha. Ayi, amasiyanso ana awo enieni akakhala osauka. Ndiye wasiyidwa ndani, funso limenelo usamalifunse ndi khungu lokha. Ndipo mnzako wa m'kalasi akakufunsa kumene umachokera, uyambe wamva kaye chimene akufuna usanatulutse minga ngati bambo ako.

Tsopano za mayi uja, mphunzitsi wa ku yunivesite, amene tinakumana naye tsiku lija tinapita kukaona malo. Ukukumbukira momwe anandigwirira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti ndi ulemu waukulu kukumana nane? Ukukumbukira kuti anati akufuna adzabwere kunyumba kuno ndi makina ojambulira mawu, ndidzafotokoze moyo wanga, kuti ophunzira ake aziyerekeza ndi anthu aja anathawira ku America chifukwa cha chikhulupiriro chawo? Iwe unkamwetulira, maso akuwala. Ine ndinaona maso a bambo wa kamera uja. Mwina ndikumulakwira mayiyo, mwina ndi munthu wabwino. Koma ndinadabwa kuti wokankha mabedi ngati ine ulemu woterewu wauchita chiyani. M'sitima pobwerera ndinakufunsa za ulemuwo, ndipo unandipatsa foni yako kuti ndiwerenge nkhani imene unalemba popempha malo, imene unkandibisira kuti idzakhale mphatso.

Unalemba bwino, mwana wanga. Unalemba kuti bambo ako, m'nthawi ya chipani chimodzi, anatseka buku la boma pamaso pa ophunzira n'kuwauza zoona za momwe dziko linapezera ufulu. Kuti anamangidwa. Kuti anavutika m'ndende, n'kudzawoloka nyanja kufuna dziko limene munthu angalankhule momasuka. Kuti ndi chifukwa chake iwe ukufuna kuphunzira za anthu othawa kwawo n'kukayamba mtundu watsopano. Nditawerenga ndinadzuka n'kupita kuchimbudzi cha m'sitima, ndinakhalamo mpaka wina anagogoda. Pobwera unandigwira dzanja, ukuganiza kuti ndalira ndi chimwemwe.

Tawina, nkhani imeneyo si yanga. Ndi ya munthu wina, dzina lawo a Mkandawire.

A Mkandawire anali mphunzitsi wamkulu wa mbiri pa sukulu ija. Kwawo kunali ku Rumphi. Nyumba yawo inayandikana ndi kachipinda kanga, ndipo popeza ndinali mbeta, akazi awo ankanditumizira mbale pafupifupi tsiku lililonse. Ana awo atatu ankanditchula kuti amalume. Iwo ankanditchula kuti aphunzitsi aang'ono. Ndikakhala ndilibe kalasi ndinkakhala kumbuyo kwa kalasi yawo kuphunzira momwe amaphunzitsira, chifukwa munthu uja akayamba kufotokoza, ngakhale ana aulesi ankasiya kujambula m'makope. Masiku amenewo buku la mbiri linali limodzi, ndipo m'bukumo ufulu wa dziko unabwera ndi munthu mmodzi. Ena onse amene anamenya nawo nkhondoyo mayina awo sankatchulidwa, ngakhale m'nyumba mwako, chifukwa sunkadziwa amene akumvetsera.

M'mawa wina, kutatsala masiku ochepa kuti tikondwerere tsiku la ufulu, a Mkandawire analowa mu Fomu 4, ine ndili kumbuyo. Anatsegula buku, anawerenga mizere iwiri, kenako analitseka mwamphamvu mpaka fumbi la choko linauluka pa tebulo. Anati, "Lero tilembe mayina amene mulibe umu." Anatembenukira ku bolodi n'kuyamba kulemba, dzina ndi dzina, n'kumafotokoza kuti uyu anachita chakuti, uyu anathawira kwakuti, uyu sitikudziwa kumene anaikidwa. Mtsikana wina anaphimba maso ndi manja. Belu litalira anafufuta okha bolodi n'kutuluka.

Patapita masiku awiri kunabwera galimoto ndi amuna atatu. Anandiitanira mu ofesi ya ahedi. Ndikufuna umve bwinobwino apa, chifukwa ndi pamene ndingafune kunama. Palibe anandimenya. Palibe anandiopseza. Anandipatsa mpando, anandipatsa tiyi wa mkaka, n'kundiikira pepala ndi cholembera. Wamkulu wawo anati, "Aphunzitsi, tamva kuti munali m'kalasimo. Ingolembani zimene munamva, inu tilibe nanu mlandu." Ndinalemba masamba awiri, m'Chingerezi chabwino, ndi mayina onse m'ndondomeko yake. Nditamaliza ndinaona ngati n'zochepa, ngati akhoza kuganiza kuti ndikubisa zina. Ndiye ndinawonjezera chimene sanandifunse: kuti a Mkandawire amamvera wailesi yakunja kuchipinda kwawo. Ndinkadziwa chifukwa ndinkamvera nawo.

Anawatenga tsiku lomwelo, atavala malaya ophunzitsira, choko chili m'thumba. Anakhala m'ndende zaka ziwiri osaonekera kukhoti. Akazi awo ndi ana anapatsidwa sabata imodzi kuti atuluke m'nyumba ya sukulu. Ine ndinawathandiza kukweza katundu mu lole, ndipo mayiwo anandithokoza akulira, n'kundisiyira mpando umodzi woti sunakwane. Teremu yotsatira ndinapatsidwa makalasi awo. Chaka chotsatira ndinapatsidwa nyumba yawo. Ndakupatsa funso lija, loti anthu otere amagona bwanji tulo. Amagona bwino, mwana wanga. Sabata yoyamba yokha ndi yovuta. Kenako umadziuza kuti ukanapanda kulemba iwe akanalemba wina, kuti iwo anaziyamba dala, kuti unali mwana. Ukadziuza kokwanira zimasanduka mbiri.

Kuno sindinabwere mothawa. Amayi ako anapeza ntchito ya unamwino, ine ndinabwera pambuyo pawo ngati mwamuna wa namwino, dzina langa lili pansi pa lawo pa mapepala. Satifiketi yanga ya uphunzitsi kuno sinagwire ntchito, ndiye ndinayamba kukankha mabedi. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, koma ine manyazi ndinali nawo.

Cholakwa chachikulu ndi ichi. Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi unabwera ndi ntchito ya kusukulu, yoti ufunse makolo chifukwa chimene banja lanu linabwerera m'dziko lino. Unakhala pa tebulo lomwe ndikulemberali, pensulo m'manja, miyendo isakufika pansi. Unati mnzako wina bambo ake anathawa nkhondo, anayenda m'chipululu. Unandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga inu adadi?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinatsatira amayi ako. Chimene chinatuluka ndi a Mkandawire. Ndinakuuza za buku lotsekedwa, za fumbi la choko, za mayina pa bolodi, zonse zoona, kungoti munthu woima kutsogolo ndinamuchotsa n'kuimapo ine. Unalemba mwachangu, lilime lili panja. Aphunzitsi ako anakupatsa nyenyezi ya golide.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma chaka chilichonse unkafunsanso, ndipo nkhani ikafunsidwa kawiri imafuna nyama yowonjezera. Ndinaikamo ndende. Ndinaikamo nsabwe ndi phala la madzi, zimene ndinamva kwa ena. Pa maphwando athu a Amalawi mu holo ya tchalitchi, iwe wekha unkandikoka kuti, "Adadi, auzeni," ine n'kuwauza, anthu n'kumapukusa mitu. Panafika poti ndikamafotokoza ndinkamva kuzizira kwa simenti ya m'ndende m'mawondo mwanga, ine amene sindinagonepo m'ndende ngakhale tsiku limodzi. Ichi ndiye chimandiopsa kwambiri pa maphunziro akowa. Anthu amene ukawawerenge, ambiri sankanama mwadala. Ankakhulupirira. Munthu wonama mwadala n'ngosavuta kumugwira, amaphethira. Wovuta ndi amene wabwereza nkhani yake mpaka misozi yake ndi yeniyeni. Ndipo dziko lonse likhoza kuchita zomwezo, ndi nyimbo, ndi mbendera, ndi tsiku la tchuthi. Walemba ndani, wasiyidwa ndani, wapindula ndani: uzifunsa ngakhale wofotokozayo akulira.

Amayi ako usawaimbe mlandu. Ankadziwa, chifukwa ndinawauza tisanakwatirane, ndipo anandikwatirabe. Nditayamba kukunamiza anandidzudzula kuchipinda kangapo. Ankati, "A bambo a Tawina, nkhani yanuyi ikukula msanga kuposa mwanayo, mudzaidyetsa chiyani?" Ine ndinkati ndidzakuuza ukakula. Titabwerako ku yunivesite kuja ndinawaonetsa zimene unalemba. Anawerenga ataimirira, yunifolomu asanavule, n'kuti, "Mukapanda kumuuza inu, ndikamuuza ine pa siteshoni, sitima ili pafupi kunyamuka. Sankhani."

Koma ndisanakuuze iwe, ndinaona kuti pali munthu woyamba kumuuza. Ndinafunsafunsa pa gulu la pafoni la ophunzira akale a sukulu ija, ndikuyembekezera, ndivomere, kuti andiuza kuti anamwalira kalekale. Ali moyo. Amakhala ku Rumphi ndi mwana wawo wamkazi, maso anachita khungu. Nambalayo ndinakhala nayo masiku asanu. Lachitatu lapitali, pa nthawi yopuma masana, ndinatuluka kukaima pamalo oimika galimoto kuseri kwa chipatala n'kuimba. Anayankha mwana wawo, ndinatchula dzina langa, ndinamva akuyenda, chitseko chikulira, nkhuku, kenako mawu aja. Akalamba, koma ndi omwe aja.

"Aphunzitsi aang'ono! Muli moyo?"

Ndinati ndili moyo. Ndinayamba kufunsa za mvula, za thanzi, monga ndakhala ndikuchitira ndi iwe sabata ino. Anandidula. "Simunaimbe kuchokera ku England kuti mufunse za mvula. Nenani."

Ndinanena. Ndinati pepala lija ndinalemba ndine, ndi za wailesi zomwe.

"Ndikudziwa," anatero. "Anandiwerengera tsiku lachiwiri. Sanatchule dzina, koma pa sukulu ponse paja ndani wina akanalemba Chingerezi chotero? Ndinamva ziganizo zanga zomwe, zimene ndinakuphunzitsani. Ndinati, mwanayu waphunziradi."

Ambulansi inadutsa, ndinadikira kuti phokoso lithe. Kenako ndinawauza chachiwiri, chimene sankachidziwa: kuti ndakhala zaka khumi ndikuvala nkhani yawo ngati yanga, kuti mwana wanga waikonda mpaka wasankha nayo maphunziro, kuti wailemba ndipo azungu ophunzira aiwerenga. Kenako anaseka. Sikunali kuseka kokoma, kunathera m'chifuwa.

"Nyumba munatenga, makalasi munatenga, ndiye mwatenganso ndende yanga? Imeneyo mukanandipempha, ndikanakupatsani yonse." Anatsokomola. Kenako anati, "Tandiuzani, m'nkhani yanuyo, ndinatsekeranji buku?"

Ndinati chifukwa chokonda choonadi.

"Bodza limenelo," anatero. "Dzulo lake ahedi anali atandiuza kuti udindo wa wachiwiri wawo, umene ndinaudikira zaka zambiri, wapita kwa munthu wina amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine, chifukwa ine ndine wa kumpoto. Sindinagone ndi mkwiyo. M'kalasi muja ndinalowa ndikufuna kuswa chinthu, ndipo chimene chinali pafupi ndi buku. Mayina aja anali oona, inde. Koma ndinawadziwa zaka zonsezo ndipo ndinkaphunzitsa bodza mwakachetechete ngati wina aliyense. Akanandipatsa udindo uja, bwenzi nditapuma ntchito ndi mendulo. Ndiye mwana wanuyo mwamunamiza kawiri. Ngwazi imene mwamuuzayo si inu, komanso si ine."

Ndinafunsa ngati angandikhululukire. Anati, "Funso limenelo mukanafunsa mayi a ana anga, amene anagulitsa makala zaka ziwiri kuti ana adye. Koma anatisiya. Ine ndakalamba, mkwiyo umafuna mphamvu. Musandifunse zambiri." Kenako anafunsa dzina lako, ndi zimene ukukaphunzira. Nditawauza anati, "America? Chabwino. Akayambire kutali, n'kosavuta kuona. Mumuuze aziimba, ndili ndi nthawi yambiri ndipo pano palibe amene amafuna kumva za mbiri."

Kuyambira Lachitatulo ndakhala ndikusinkhasinkha ngati za udindo zija ananena zoona, kapena anangofuna kundipeputsira katundu, kapena kundilanda ngakhale kachinthu kokongola kamene ndinaba. Sindikudziwa. Munthu ndinamuona ndi maso anga akulemba pa bolodi, ndamva ndi makutu anga akufotokoza chifukwa chake, ndipo sindikudziwabe. Iwe ukukawerenga za anthu amene anafa zaka mazana apitawo, amene sungawaimbire foni. Ndiye mphunzitsi aliyense amene akakuuze motsimikiza zimene zinali mumtima mwa anthu amenewo, ukamuyang'anitsitse.

Malo ako ku yunivesite usawadere nkhawa mumtima. Mayeso unakhoza ndiwe, ndipo zimene unalemba unalemba ukukhulupirira. Wonama ndine. Koma mayi uja akudikira kubwera ndi makina ake, ndipo ine sindidzakhala pamaso pa makinawo n'kubwereza nkhani ija. Langizo langa ndi lakuti upite ku ofesi yake sabata yoyamba, usanazolowere kutchedwa mwana wa ngwazi, chifukwa dzina limenelo limakoma ndipo ukalilawa nthawi yaitali sudzafuna kulilavula. Ukamuuze zonse. Pomuuza uzimuyang'ana nkhope. Akagwa mphwayi n'kuyamba kuyang'ana wotchi, udziwe kuti ankafuna chithunzi cha pachikuto, ndipo uzisamala naye zaka zitatu zonsezo. Akakoka mpando n'kuyamba kufunsa mafunso ovuta, ameneyo ndi mphunzitsi, umumamatire, ndipo ine ndidzavomera kuti ndinamuganizira molakwa. Akafunabe kujambula mawu anga, abwere, ndidzanena za tiyi wa mkaka uja. Koma kuuza kapena kusauza, ndasiya m'manja mwako. Ndakusankhira zinthu zambiri kale popanda iwe kudziwa.

Zina ndi zazing'ono. Usasayine pepala limene sunaliwerenge mpaka pansi, ngakhale okupatsayo akumwetulira. Wina akakufunsa za mnzako, yankha zimene wafunsidwa zokha, ndipo ngati n'kotheka usayankhe n'komwe mpaka utadziwa kumene mawu akowo akupita. Ukadzafika ku America kuja adzakupatsa mafomu a timabokosi kuti usankhe kuti ndiwe ndani, wakuda, wa ku Britain, wa ku Africa. Chonga kamene kakuthandize kudutsa pa khomo, koma usadzakhulupirire kuti kabokosiko ndiwe. Uziimbira amayi ako Lamlungu lililonse, ngakhale masabata amene sukufuna kumva mawu anga. Jekete lija lokhuthala utenge, usaone dzuwa la sabata ino.

Nambala ya a Mkandawire ili mu foni ya amayi ako. Ukawaimbira uyambe ndi moni wa Chichewa, ndi ulemu wonse, ngakhale lilime likakuvute. Akayamba Chingerezi okha, ndipo ndi chabwino kuposa changa.

Kalatayi sindiika mu sutikesi kuti ukaipeze uli kutali, ngakhale ndimo ndinafunira poyamba. Ndiika pa pilo pako, uiwerenge lero, ine ndili m'nyumba momwe muno, kuti ngati uli ndi mawu undiuze pamaso. Ukafuna kukalipa, ukalipe m'chilankhulo chilichonse, ndimva. Ukasankha kusandilankhula, zikundiyenera. Mawa ndapempha tchuthi ku ntchito. Masutikesi ako ndi awiri ndipo ndi olemera, amayi ako msana ukuwavuta. Ndidzanyamula ndine mpaka m'sitima, ndipo ukafuna ndidzayenda kumbuyo kwanu.

Ndine bambo ako, amene anatsatira amayi ako kudza kuno.